Kabowo Kakang'ono ka M'kamera

Chithunzi cha banja chimakhalitsa kuposa anthu amene ali m'menemo. Tsiku la ukwati silibwerezedwa, ndipo agogo akajambulidwa mwachimbuuzi pa tsikulo, zidzukulutudzi zidzawadziwa mwachimbuuzi momwemo. Chifukwa cha ichi, pamene ndinayamba kuphunzira kujambula, ndinafunitsitsa kudziwa chimene chimachititsa kuti ena aoneke bwino m'chithunzi pamene anzao aoneka mbuu.

Yankho lake ndinalipeza m'kabowo kamene kali m'kati mwa galasi la kamera, kamene pa Chingerezi amati aperture. Kabowoka kamagwira ntchito monga mwanadiso, amene amakula kumdima nachepa padzuwa. Kukula kwake kumalembedwa ndi manambala awa: f/2.8, f/4, f/5.6, f/8, f/11, f/16 ndi f/22. Nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti kabowo ndi kakakulu. Mwachitsanzo, pa galasi la mamilimita 50, f/2 ndi bowo la mamilimita 25 m'mimba mwake, pamene f/16 ndi la mamilimita atatu okha. Munthu akachoka pa nambala ina kupita pa yotsatira, monga kuchoka pa f/8 kufika pa f/11, kuwala kolowa m'kamera kumachepa ndi theka.

Koma kabowoka sikalamulira kuwala kokha ai. Kamalamuliranso kutalika kwa dera limene zinthu zimaoneka bwino, kutsogolo ndi kumbuyo kwa munthu amene mwamulunjika. Deralo ojambula amalitcha depth of field. Kuti ndimvetse, ndinandandalika mabotolo asanu pakhonde, lina kumbuyo kwa linzake, ndi kulunjika lapakati. Pa f/2.8 botolo lapakatilo lokha ndilo linaoneka bwino. Pa f/16 onse asanu anaoneka, mpaka zilembo zao zinawerengeka. Ndinaonanso kuti ndikayandikira kwambiri deralo limafupika, ndipo ndikabwerera m'mbuyo limatalika.

Apa m'pamene wojambula ayenera kusankha. Akachepetsa kabowo kuti anthu onse aoneke, kuwala kumachepa, motero kamera iyenera kukhala yotsekula nthawi yotalikirapo, ndipo mwana akagwedezeka kapena dzanja likanjenjemera chithunzi chimaonongeka. Akakuza kabowo kuti kuwala kuchuluke, oima kumbuyo amatayika. Akuluakulu anati, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Ojambula otchuka nawonso anasankha. M'chaka cha 1932 ku California, Ansel Adams, Edward Weston, Imogen Cunningham ndi anzao anayambitsa gulu lotchedwa Group f/64. Analitcha dzina la kabowo kakang'ono zedi chifukwa anafuna kuti m'zithunzi zao zonse zioneke, kuyambira mwala wa pafupi mpaka phiri la kutali.

Ine ndimatsata njira iyi. Pojambula munthu mmodzi ndimatsekula pa f/2.8 kapena f/4, ndi kulunjika maso ake, kuti mipanda ndi zovala zoyanika kumbuyo zisasokoneze nkhope. Pojambula banja lonse litaima m'mizere iwiri kapena itatu ndimaika f/8 kapena f/11, ndimabwerera m'mbuyo pang'ono, ndipo ndimawatulutsa panja pamthunzi powala bwino.

Achinyamata ambiri lero amajambula ndi foni. Mafoni ochuluka ali ndi kabowo kosasinthika, ndipo kumbuyo kwa chimbuuzi kumene amaonetsa m'zithunzi za munthu mmodzi kawirikawiri kumapangidwa ndi pulogalamu. Komabe funso silisintha. Inu anyamata ndi atsikana amene makolo amakutumani kujambula pa ukwati, pa ubatizo kapena pamene abale asonkhana, musanadine batani yambani mwadzifunsa kuti, "Kodi m'chithunzichi ndani ayenera kuoneka?" Yang'anani mzere wa kumbuyo, yang'ananinso nkhalamba zimene zakhala m'mphepete. Kuona maso a nkhono n'kudekha.