Loboti wa 1956 pakhoma la pabalaza panga

Chimunthu chachitsulo chaima nji. Mutu wake ndi galasi loonekera mkati, ndipo pamalo pa nkhope pali timakina tokhatokha. Miyendo yake ikuoneka ngati miphika yosanjikizana. M'manja mwake mwagona mtsikana wokomoka, mutu uli chagada, miyendo ili lende. Kumbuyo kwawo kuli thambo la dziko limene munthu sanapondeko, ndipo dzina la filimu lalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu: Forbidden Planet.

Chithunzi chimenechi ndinakumana nacho pamsika wa zinthu zakale wa Portobello Road mu London, Loweruka lina nditapita kukacheza kwa achibale. Filimuyo ndinali ndisanaimvepo, ndipo zoti pali anthu amene amakhoma mapositala a mafilimu akale a nthano za sayansi m'nyumba zawo zinali zachilendo kwa ine. Ndinangoti kakasi, mapazi atakana kuchoka. Wogulitsa, bambo wachikulire ndithu, anandiuza mosabisa kuti pepalalo silinali lakale. Linali losindikizidwa posachedwa potengera positala yeniyeni ya 1956, n'chifukwa chake mtengo wake unali wofikirika. Analikulunga n'kulilowetsa m'chipaipi cha katoni, ndipo linakwera nane ndege mpaka ku Blantyre. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga uli pa zithunzi zimenezi.

Filimuyo ndinaionera pambuyo pake. Ndi ya kampani ya MGM, ndipo imakamba za chombo chochokera kuno chimene chikukatera pa pulaneti yotchedwa Altair IV, kukafufuza anthu amene anapitako zaka 20 m'mbuyomo. Akupezako awiri okha, Dr. Morbius ndi mwana wake wamkazi Altaira, mbali zimene anasewera Walter Pidgeon ndi Anne Francis. Ndinadikira mpaka kumapeto kuti ndione pamene loboti uja akuba mtsikanayo, koma zimenezo mulibemo. Loboti ameneyu, dzina lake Robby, ndi wofatsa kwabasi. Amakonza chakudya, amasokera Altaira madiresi, amayendetsa galimoto, ndipo anamupanga moti sangathe kupweteka munthu. Amene amanyamulidwa m'manja mwake ndi dokotala wamwamuna wa m'chombomo, ali pafupi kufa. Chilombo chenicheni m'filimumu n'chosaoneka ndi maso, ndipo chimatuluka m'maganizo obisika a Morbius mwini wake.

Wina akhoza kunena kuti wojambula positalayo ananama. Ine ndikuona kuti ntchito yake inali ina, yosiyana ndi ya wopanga filimu. Filimu inali ndi nthawi yopitirira ola ndi theka yokopera munthu amene wakhala kale pampando. Positala inali ndi kamphindi chabe, pakhomo pa holo ya kanema, koti iimitse munthu amene ali pa ulendo wake n'kumupisitsa dzanja m'thumba. Mantha, dziko lachilendo, makina, chikondi, zonsezo zinayenera kukwana pa pepala limodzi, zojambulidwa ndi bulashi ndi penti. Patapita zaka zonsezi, pepalalo linandichita ineyo zomwe analipangira kuti lizichita anthu a mu 1956.

Makampani ena anafika poyambira kumchira. American International Pictures, kampani yaing'ono ya James H. Nicholson ndi Samuel Z. Arkoff, inkayamba ndi kupeka dzina la filimu ndi kujambulitsa positala yake, kawirikawiri kwa Albert Kallis. Eni maholo akakopeka nacho chithunzicho, apo m'pamene ankalembetsa nkhani n'kuyamba kujambula filimu. Invasion of the Saucer Men ya 1957, ya tianthu tamitu ikuluikulu ndi maso otong'oka, inatuluka m'nyumba imeneyi.

Koma amene wandidyera nthawi yambiri ndi Reynold Brown. Anabadwa mu 1917 ku Los Angeles, ndipo pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ankagwira ntchito ku North American Aviation, kujambula ndege mosonyeza zamkati mwake. Luso limenelo limaonekera poyera m'mapositala ake. Anajambulira Creature from the Black Lagoon ya 1954, Tarantula ya 1955, The Incredible Shrinking Man ya 1957, ndi mafilimu ena oposa 200. Yotchuka kuposa onse ndi ya Attack of the 50 Foot Woman ya 1958. Mzimayi wamtali mamita 15 waima chotang'adza pamwamba pa msewu waukulu, galimoto ili m'dzanja lake, ndipo pansi anthu akuthawa balalabalala. Sendezani maso pafupi. Galimoto iliyonse pamsewupo ili ndi zitseko, magalasi ndi matayala ake, kamunthu kalikonse kakuthawa mwa njira yakeyake, ndipo mlathowo wamangidwa moti injiniya angauvomereze. Brown ankajambula zosatheka mosamala kwambiri, mpaka diso limazikhulupirira.

Filimu yeniyeniyo inapangidwa ndi ndalama zosakwana madola 100,000, ndipo umphawiwo subisika. Chimphonacho nthawi zina chimaonekera mkati, dzanja lake lalikulu n'chidole choonekeratu, ndipo za pamsewu zija mulibemo. Wojambula positala sankadikira kuti abwana atulutse ndalama zomangira mlatho; ankangotunga penti. N'chifukwa chake ndikunena mosaopa kuti mapositala ambiri a nthawi imeneyo amaposa mafilimu ake. Chondiwawa n'chakuti makampaniwo kawirikawiri sankalola ojambula kulemba mayina awo pa ntchitoyi, moti anthu miyandamiyanda anaona zithunzi za Brown osamudziwa. Mu 1976 anadwala sitiroko imene inamupha ziwalo za kumanzere, ndipo anamwalira mu 1991 ku Nebraska. Filimu yofotokoza za moyo wake, The Man Who Drew Bug-Eyed Monsters, inatuluka mu 1994 mwini wake atapita kale.

Zilombo zonsezi zinali ndi pochokera. Mabomba a atomiki anagwa pa Hiroshima ndi Nagasaki mu 1945. Mu 1947 nyuzipepala za ku America zinadzaza ndi nkhani za zinthu zooneka ngati mbale zimene anthu ankati aziona zikuuluka kumwamba. Mu 1954 asodzi a ku Japan anadwala ndi phulusa la bomba limene America inayesera pa zilumba za Bikini, ndipo chaka chomwecho Godzilla anatuluka m'nyanja m'filimu ya Ishiro Honda. Chaka chomwechonso Them! inaonetsa nyerere zimene zinakula kuposa munthu chifukwa cha mabomba oyeseredwa m'chipululu cha New Mexico. Pa 4 October 1957 dziko la Soviet Union linaponya Sputnik m'mlengalenga, ndipo Amereka anayamba kuyang'ana kumwamba ndi nkhawa yatsopano. Anthu amene ankadutsa pansi pa mapositalawa anali ndi mantha enieni, ndipo ojambulawo anapatsa manthawo maso, mano ndi zikhadabo. Ndikamayang'ana zithunzizi ndimawamvera chisoni anthu amenewo, chifukwa sankadziwa ngati ana awo adzakula.

Chimodzi chimandisowetsa mtendere. Pa mapositala ochuluka mkazi amangokhala wokomoka, wovala zoperewera, ali m'manja mwa chilombo kapena loboti, ngakhale pamene m'filimumo ndi munthu wanzeru ndi wolimba mtima. Zili choncho pa The Day the Earth Stood Still ya 1951, zili choncho pa yanga yomwe. Amalonda a nthawiyo ankadziwa zimene ankachita, ndipo sindikuwaikira kumbuyo. Mwina n'chifukwa chake mzimayi wa Brown uja amandisangalatsa kwambiri: iye ndiye waimirira, ndipo ena onse ndiwo akuthawa.

Kholo la onsewa ndi positala ya Metropolis, filimu ya ku Germany ya Fritz Lang imene inayamba kuonetsedwa ku Berlin mu January 1927. Anaijambula ndi Heinz Schulz-Neudamm. Ilibe utoto wofuula ngati wa ku Hollywood. Ndi yofiirira mozizira, yaitali pafupifupi mamita awiri. Pansi pali nkhope ya loboti wamkazi yokuyang'anani mosaphethira, pamwamba pake nyumba zosanja zathothoka kulinga kumwamba. Zodziwika kuti zinapulumuka ndi zinayi zokha, ndipo imodzi ili ku Museum of Modern Art ku New York. Ina inagulidwa madola 690,000 mu 2005.

Mtengo wotero ukuchokera poti mapepalawa sanapangidwe kuti akhalitse. Ku America, kuyambira mu 1940, kampani ya National Screen Service ndiyo inkagawa mapositala ku maholo. Saizi yodziwika, imene amaitcha one-sheet, inali mainchesi 27 m'lifupi ndi 41 m'litali. Ankawatumiza opindapinda, pa pepala lotchipa, ndipo filimu ikatha ankayenera kubwezedwa kapena kuwonongedwa. Amene alipo lero anapulumuka chifukwa wina anawaiwala m'nyumba yosungiramo katundu kapena anawamvera chisoni. Zizindikiro za positala yeniyeni ya nthawi imeneyo ndi mizere ya mopindamo ndi kanambala kam'munsi, kamene manambala ake awiri oyamba amatchula chaka. Zimenezo n'za anthu a matumba akuya. Ife tili ndi osindikizidwanso, ndipo chithunzi chake n'chomwecho.

Si onse amene ali a mantha. Robert McCall anajambulira 2001: A Space Odyssey ya Stanley Kubrick siteshoni yaikulu yozungulira ikuyandama pamwamba pa dziko lapansi, ndege yowongoka ikutulukamo mwakachetechete. Munali mu 1968, kutatsala chaka ndi miyezi kuti munthu aponde pamwezi mu July 1969. Palibe wofuula, palibe wothawa. Imeneyo ndiyo ndikuisungira ndalama tsopano.

Makoma a pabalaza kwathu kuno amadziwika zimene amanyamula: kalendala, chithunzi cha ukwati, cha Mgonero wa Ambuye, satifiketi ya mwana, mwina timu ya mpira. Zanga zonse zilipo ndipo sindinatsitseko ngakhale chimodzi. Zimenezo zimauza mlendo kuti m'nyumba muno mumakhala ndani. Robby amachita zina, amamufunsa mlendoyo funso. Mwana wa mlongo wanga atamuona anaima nthawi ndithu, kenako anati, "Amalume, kodi chichitsulochi chikuwapulumutsa mayiwa kapena chikuwaba?" Ndinati, "Iwe ukuona bwanji?" Madzulo onsewo anatha akundisimbira nkhani yake, ya mfumu ya maloboti ndi dziko limene madzi ake anaphwa. Filimuyo sanaionepo, ndipo nkhani yakeyo inachokera pa pepala lokhalo.

Ife amene tinakulira pafupi ndi tinyumba toonetsera mavidiyo m'matauni tikukumbukira mmene chikuto cha tepi chokhomedwa pakhomo chinkatitulutsira makobidi. Ku Ghana, m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, oonetsa mavidiyo oyendayenda ankalemba ntchito amisiri kuti awajambulire mapositala ndi penti pa masaka a ufa osokedwa pamodzi, ndipo amisiriwo nawonso ankawonjezera zimene m'filimu munalibe. Lero masaka amenewo akuonetsedwa m'nyumba za zaluso ku Ulaya ndi ku America.

Mukafuna kugula, gulani kwa ogulitsa amene ali ndi chilolezo chosindikizanso, ndipo yambani mwayang'ana timalemba ting'onoting'ono tam'munsi, ta mayina a osewera. Tikakhala tachimbuuzi ndiye kuti anangokuza kachithunzi ka pa intaneti, musiyeni. Pepala losanyezimira limakhala bwino kuposa lonyezimira, chifukwa penti wakaleyo amaoneka mmene analili. Felemu akhoza kukupangirani kalipentala wa m'dera mwanu, koma mumuuze aike katoni yoyera yozungulira m'mphepete kuti pepala lisakhudze galasi, apo ayi chinyontho cha m'dzinja chidzazimata pamodzi. Selotepi isayandikire. Pewani khoma limene limanyowa mvula ikagwa, ndi limene dzuwa la masana limamenyapo, chifukwa dzuwa limafufutitsa utoto, makamaka wofiira ndi wachikasu, umene uli moyo wa zithunzizi.

Ngati khoma lanu lili ndi malo a chimodzi chokha, ndikupemphani muyambe ndi cha Reynold Brown. Mukachikhoma musathamangire kufunafuna filimu yake. Khalani nacho kaye masabata angapo, ana ndi alendo akuuzeni zimene akuonapo, filimuyo mudzaionere pambuyo.