Ndalama za crypto ku Joni ndi kumudzi

Crypto ndi ndalama zopanda pepala kapena chitsulo. Zimangokhala manambala m'kaundula amene makompyuta ambirimbiri padziko lonse amasunga mothandizana, ndipo palibe boma kapena banki imene imayendetsa kaundulayo. Yoyamba ndi Bitcoin, imene idayamba mu Januwale 2009, itapangidwa ndi munthu kapena gulu lobisala pa dzina la Satoshi Nakamoto. Adaikonza kuti isadzapitirire 21 miliyoni, n'chifukwa chake ambiri amaigula ngati katundu woti adzagulitse mtengo ukakwera. Mitundu ina ilipo yosawerengeka, koma pakamwa pa Amalawi a kuno ku Joni pamamveka ziwiri: Bitcoin ndi USDT, imene kampani ya Tether imati iliyonse ndi yofanana ndi dola imodzi ya ku America.

Mtengo wa Bitcoin sukhazikika. Mu Novembala 2021 imodzi idafika pafupifupi madola 69,000. Patangotha chaka idatsika mpaka kuchepera 16,000, ndipo mu Disembala 2024 idadutsa 100,000. Wongoona nambala yomalizayi amati onse adalemera, koma amene adagula itakwera n'kukakamizika kugulitsa itagwa, chifukwa cha lendi kapena matenda kumudzi, adataya magawo atatu mwa anayi a mpamba wake. Bitcoin sibala kanthu ngati munda kapena nyumba ya lendi. Phindu lake limachokera kwa munthu wina wolola kuigula modula kuposa mmene mwini adagulira. Msika wake sutseka usiku kapena Lamulungu, kotero munthu amatha kugona ali ndi ndalama n'kudzuka zitaphwa. Ngakhale zimene zimatchedwa zokhazikika zidagwapo: mu Meyi 2022 TerraUSD, imene inkayenera kukhala dola imodzi, idasanduka yopanda pake m'masiku ochepa.

Chimene chimakokera Mmalawi wa kunja ku zimenezi si dyera lokha. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene ankatumiza marandi pang'onopang'ono kuti asonkhane mpaka akwane malata adapeza kuti mitengo ya simenti ndi malata yathawa, ndalama zili chikhalire. Munthu wotere akamva za ndalama yoyendera dola, yosungika m'foni, ndi kovuta kumuuza kuti atseke makutu.

South Africa idasankha kuzindikira msikawu ndi kuuika pansi pa lamulo. Mu Okutobala 2022 bungwe loyang'anira za chuma la FSCA lidalengeza kuti crypto ili m'gulu la zinthu zimene limayang'anira, ndipo kuyambira mu Juni 2023 makampani ogulitsa kapena kulangiza anthu za crypto adayamba kupempha ziphaso. Makampani ngati Luno ndi VALR adazilandira mu 2024, ndipo aliyense angathe kufufuza pa tsamba la FSCA ngati kampani ili nacho chiphaso. Bungwe la misonkho la SARS limafuna kuti phindu la crypto liululidwe ndi kukhomeredwa msonkho. Kwa wobwera kumene, chodabwitsa kwambiri chili m'sitolo: ku Pick n Pay munthu amatha kulipira ufa ndi shuga ndi Bitcoin, kungoloza foni pa kachizindikiro ka pa thilu, wogulitsa osatukula n'komwe nsidze.

Malamulowa adabwera anthu atapsa kale. Kampani ya Mirror Trading International inkalonjeza phindu lofika 10 peresenti pamwezi, ponena kuti ili ndi pulogalamu yapakompyuta yodziwa kusewera msika, ndipo wobweretsa mnzake ankapatsidwa kangachepe. Idagwa mu Disembala 2020. Mkulu wake, Johann Steynberg, adathawa n'kukagwidwa ku Brazil mu 2021, ndipo akuluakulu a ku America adati Bitcoin imene idasonkhanitsidwa inali yoposa madola 1.7 biliyoni. Koma chiphaso cha FSCA chija chili ndi malire ake. Chimapatsa munthu khomo loti akagogode akamuchita chinyengo, koma sichiletsa mtengo kugwa. Inshuwalansi ya CODI, imene imateteza ndalama za m'banki mpaka R100,000, sikhudza crypto.

Chowawa n'chakuti khomo limeneli si la onse. Lamulo la FICA limafuna kuti kampani idziwe kasitomala wake ndi ziphaso zomveka, ndipo nthawi zambiri pamafunikanso akaunti ya kubanki. Mmalawi wogwira ntchito m'munda wa maluwa wa bwana, amene masiku ake pa pasipoti adatha kalekale, wogona m'chipinda cha anthu anayi chimene lisiti lake silili m'dzina lake, amabwerera pakhomo pomwepo. Otsala omulandira ndi a m'magulu a WhatsApp ndi Telegram, ojambulitsa pafupi ndi galimoto zapamwamba, olonjeza kuti ndalama iswana pa sabata. Kawirikawiri womulowetsa ndi mnzake wa ku tchalitchi kapena wa mudzi umodzi, amene iyenso adanamizidwa. Zikavuta sapita kupolisi, poopa kuti funso loyamba likhala la mapepala ake. Amangokhala chete, ndipo kumudzi amangoona kuti mwezi uno ku Mukuru sikudabwere kanthu.

Kumudzi nkhani ndi yaifupi. Mu 2019 banki yaikulu ya Reserve idachenjeza kuti crypto si ndalama yovomerezeka m'Malawi, ndipo wochita nayo malonda adziwe kuti zikavuta ndi zake. Achinyamata a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amagulitsanabe USDT pakati pawo, kulipirana pa Airtel Money kapena Mpamba, mongokhulupirirana. Koma dziko silidatsalire konse m'mbuyo: ku Bondo, m'mphepete mwa phiri la Mulanje, kampani ya Gridless idaika makina okumba Bitcoin amene amagwiritsa ntchito magetsi otsala a pa mtsinje, ndipo ndalama zake zimathandiza kuti magetsiwo apitirire kuyaka m'midzi.

Kasungidwe ka crypto kali pawiri. Wosiya crypto yake ku kampani imene adagulako wapereka makiyi kwa eni kampaniyo. Mt. Gox ya ku Japan idagwa mu 2014 ma Bitcoin pafupifupi 850,000 atasowa. FTX idagwa mu Novembala 2022, ndipo mwini wake Sam Bankman-Fried adalamulidwa kukhala kundende zaka 25. Wosunga yekha amakhala ndi chikwama cha m'foni, kapena kachipangizo konga fulashi ka Ledger kapena Trezor, ndipo zonse zimatsamira pa mawu achinsinsi 12 kapena 24. Foni ikabedwa mawuwo alipo, chuma chimabwezeka pa foni ina. Mawuwo akatayika, palibe ofesi yokadandaulako. Akaonedwa ndi wina, ndalama zimasamutsidwa m'mphindi zochepa ndipo sizibwezeka. N'chifukwa chake mawuwo amalembedwa pamanja papepala, osajambulidwa, osatumizidwa pa WhatsApp, ndipo aliyense wowafunsa, ngakhale adzitchule wa kukampani, ndi wakuba. Malangizo oti pepalalo likhale m'sefa adalembedwera ena. M'zisakasa za ku Diepsloot kapena Masiphumelele, kumene moto umanyambita nyumba zambiri usiku umodzi, pamafunika mapepala awiri osungidwa malo osiyana.

Akatswiri ali ndi njira yotchedwa multisig, yoti ndalama isatuluke pokhapokha makiyi awiri mwa atatu atavomereza. Amaitama ngati nzeru yatsopano, chonsecho amayi a banki m'khonde akhala akutseka bokosi lawo ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu, bokosi lili kwa wachinayi, ndipo limatsegulidwa gulu lonse likuona.

Mbali imene imaiwalika ndi ya imfa. Munthu akamwalira kuno, anzake amasonkha zonyamulira thupi, ndipo katundu wooneka amakwezedwa pa basi kupita kwa ana. Crypto ya ku kampani yachiphaso imatha kuitanitsidwa ngati chuma chamasiye, achibale akakhala ndi makalata oyenera, ngakhale kuti njira yake ndi yaitali kwa mayi wamasiye amene ali ku Mzimba kapena ku Mangochi. Ya m'chikwama chosunga yekha imatheratu ngati palibe wodziwa kumene kuli mawu aja. Wosunga yekha amayenera kusankha m'bale mmodzi wokhulupirika, kumuuza kuti chumacho chilipo ndi malo amene pepala lidabisidwa, ndi kumuphunzitsa kagwiritsidwe kake nthawi ikadalipo.