Magemu 30 kapena 15?

Patchuthi chapitachi amalume ankakonza bonanza ya mpira kwathu ku Nsaru. Matimu adalipo 6, ndipo timu iliyonse inkayenera kukumana ndi inzake kamodzi. Adandiitana: “Iwe wa ku sekondale, magemu akhala angati? Tikufuna tidziwe ndalama ya oyimbira.”

Ine osaganiza n’komwe: “6 kuchulukitsa ndi 5, ndi 30!” Amalume adagwira mutu. Ndalama sizikadakwana, bonanza ikadalephereka.

Agogo, omwe ankatong’ola chimanga pakhonde, adaseka. “Mdzukulu wanga, ine ndi iwe tikagwirana chanza, tagwirana kawiri?” Adandandalika njere 6 pamphasa. Yoyamba ikumana ndi 5, ichoke. Yachiwiri yatsala ndi 4, kenako 3, 2, 1. Zonse pamodzi 15. Kani gemu iliyonse ndinkaiwerenga kawiri!

Manyazi adandigwira, koma ndidatolapo kanthu. Mu Super League matimu 16 amasewera magemu 240, 16 kuchulukitsa ndi 15, chifukwa pali pakhomo ndi koyenda: Silver kulandira Bullets n’kosiyana ndi Bullets kulandira Silver.

Anzanga, JCE yayandikira. Musanathamangire kuchulukitsa, yambani mwadzifunsa: ndikuwerenga chiyani, ndipo sindikubwereza?