Galu akudya bwino, koma kumbuyo kuli magazi

Achinyamata a muno mu Livingstone tayamba kukonda agalu. Osati aja ongolondera nyumba amene makolo athu ankawaponyera mkute, ayi. Tifuna boerboel, German shepherd, ena mpaka French bulldog. Tikakumana pamthunzi ku Mukuni Park, pafupi ndi anzathu ogulitsa ziboliboli m'mbali mwa msewu wa Mosi-oa-Tunya, nkhani imakhala ya kukula kwa mutu, chifuwa, ndi makwacha amene tinalipira. Kutsogolo kwa galu timakudziwa bwino. Zimene amasiya kumbuyo timangokwirira ndi phazi.

Komatu pali nthenda imene imaonekera kumbuyoko chabe. Madokotala a ziweto amaitcha colitis: kutupa kwa thumbo lalikulu, lija lomalizira, limene ntchito yake ndi kuyamwa madzi m'zotsala za chakudya. Likatupa, galu amanyonyomala pafupipafupi, kudzikakamiza mpaka miyendo kunjenjemera, koma chotuluka n'chochepa, chonanda ngati mamina, nthawi zina chokhala ndi timadontho ta magazi ofiira. Zikapitirira milungu itatu, ndiye kuti yasanduka ya mgonagona.

Chotipusitsa n'chakuti galuyo sagona. Amadya, amauwa, amagwedeza mchira tikafika pageti. Sawonda msanga, poti chakudya chimalowa m'thupi kudzera m'matumbo ang'onoang'ono, amene amakhala ali bwino. Parvo timaiopa chifukwa imapha kagalu m'masiku ochepa. Chiwewe chili ndi katemera, malamulo, ngakhale tsiku lake pa 28 September. Iyi ilibe mfuu. Timangoti "wadya zoipa", mwezi n'kutha.

Kawirikawiri gwero lake ndi njoka za m'mimba zotchedwa whipworm, zimene zimaboola khungu la m'kati mwa thumbolo n'kukhazikika momwemo. Mazira ake ndi ouma mutu: m'dothi lachinyezi, pamthunzi, amatha zaka ali amoyo. Ndiye taganizani za malo amene agalu ambiri amadutsa, kununkhiza ndi kunyambita, kaya ndi paki kaya kuseri kwa nyumba zathu. Njokazi siziikira mazira tsiku lililonse, choncho chimbudzi chikhoza kupimidwa osapezeka kanthu. N'chifukwa chake dokotala amapereka mankhwala ngati fenbendazole ngakhale sanaone dzira, n'kunena kuti tibwereze pakapita miyezi itatu, nthawi imene tiana ta njokazi timakhala titakula. Kubwerezako ndiye kumene ambiri amagwera.

Agalu ena vuto ndi mbale. Lero nsima ndi kapenta, mawa mafupa a nkhuku, mkuja zotsala za pa braai zodzaza mafuta. Thumbo limatha kudana ndi mtundu umodzi wa nyama. Kupima kwake n'kotopetsa koma kotchipa: chakudya chimodzi chatsopano, popanda kuponyera kena kalikonse, kwa milungu iwiri kapena kupitirira. Agalu ambiri amachira pamenepo. Chovuta si galu, ndi mng'ono wathu wachifundo amene amam'patsa fupa mobisa.

Eni ake a Boxer ndi French bulldog, tcherani khutu. Mitundu iwiriyi ili ndi colitis yakeyake, yoopsa, imene imagwira agalu aang'ono ndipo imeneyi imawondetsa. Kale ankaiyesa yosachizika, mpaka ofufuza anapeza kuti tizilombo ta E. coli timabisala m'kati mwa khungu la thumbo. Tsopano imachizika ndi mankhwala omwa milungu 6 mpaka 8, koma kuitsimikiza kumafuna kudula kachidutswa ka thumbo n'kukapima. Apa ulendo ukhoza kufika ku Lusaka, kumene kuli sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel pa UNZA. Wogulitsa kagalu pa Facebook sakuuzani zimenezi.

Nanga Flagyl wotsala m'kabati, amene aliyense pakomboni amalangiza? Amatha kuimitsa kutsegula kwa masiku angapo, koma amasokonezanso tizilombo tabwino ta m'matumbo, ndipo akachuluka galu amayamba kudzandira. Brufen ndiye poizoni weniweni kwa galu: amachititsa zilonda m'mimba ndi kuwononga impso.

Zimene dokotala amafuna kwa ife n'zochititsa manyazi pang'ono: chimbudzi cha tsiku lomwelo m'kapepala ka pulasitiki, chithunzi chake pafoni, kangati patsiku, kuyambira liti, ndiponso mayina a zonse zimene galuyo wadya sabata imeneyo.