Chikhristu Si Cholowa cha Makolo

Amayi anzanga, kwa zaka zambiri ndinkadzitama kuti ndine Mkhristu wobadwa nacho. Agogo anga anabatizidwa ku Mvera, kumene amishoni anafika mu 1889, ndipo ine ndinakulira m'kalasi ndi m'kwaya. Tsiku la Chigwirizano ndinkavala bulauzi yoyera ndi duku, n'kumatsogolera anzanga m'mapemphero.

Tsono mwana wanga wachisamba atadwala mwakayakaya, ndinazemba usiku kukaombeza ula, ndipo anandiuza kuti alamu anga ndiwo amulodza. Mwanayo anachira kuchipatala, pakuti anali malungo, komabe ndinatha chaka osalankhula nawo alamuwo, chikhalirecho tikudyera limodzi Mgonero wa Ambuye. Pamenepo ndinazindikira kuti bulauzi ija inkaphimba mtima wosakhulupirira. Ndinapita kukagwada pakhomo pawo, ndipo Chikhristu changa chinayamba tsiku limenelo.

Yohane Mbatizi anachenjeza Afarisi kuti asadalire kukhala zidzukulu za Abrahamu. Ifenso ubatizo wa agogo sungatiyimire pamaso pa Mulungu. Inu amayi, musanasite bulauzi yanu sabata ino, tadzifunsani: tsoka litagwa usiku uno, mungathamangire kwa yani?