Funso la amayi lomwe silinabwere pa mayeso

Achemwali anga a ku Johannesburg atatumiza microwave kwathu ku Lirangwe, amayi anayifunditsa nsalu n'kuyiyika pakona. Anzawo anali atawauza kuti moto wake umatulukira pa timabowo ta pachitseko n'kumawotcha munthu m'mimba. Nditapita ku holide anandifunsa kuti, "Iwe wa ku yunivesitewe, ngati ndikutha kuona mbale ili mkatimo, chikuletsa motowo kundipeza n'chiyani?"

Ndinangoti kukamwa yasa. Chonsecho mutu umenewu ndinali nditaulembera mayeso, ndipo ndinakhoza.

M'kalasi tinaphunzira za waveguide, paipi yachitsulo yopanda kanthu mkati yomwe imanyamula mafunde a wailesi, monga opita ku zimbale za pa nsanja za mafoni. Lord Rayleigh anawerengetsa kale mu 1897 kuti paipi yotere siilola funde lililonse. Ikakhala ya ngodya zinayi, m'lifupi mwake muyenera kuposa theka la kutalika kwa funde. Malire amenewo timati cutoff. Paipi ya WR-90, yomwe m'lifupi mwake ndi mamilimita 22.86, malire ake ali pa 6.56 GHz. Mafunde a pamwamba pa nambalayi ndi aafupi, amadutsa. A pansi pake ndi aatali, amakanidwa. Choncho kachidutswa ka paipi kokha, kopanda batire kapena waya, kamagwira ntchito ya high-pass filter.

Zonsezi ndinaziloweza. Chomwe sindinaone n'chakuti kabowo kalikonse pachitseko chija ndi kapaipi kotere.

M'mawa mwake ndinapeza amayi akusefa ufa, ndiye ndinayambira pomwepo. "Amayi, sefa yanuyi imalola ufa koma imagwira misere. Chitseko chija n'chimodzimodzi." Mafunde ophikira, a 2.45 GHz, ndi otalika pafupifupi masentimita 12, pomwe kabowo sikaposa mamilimita awiri. Kuwala ndi mafundenso, koma aafupi zedi, osakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. N'chifukwa chake maso amaona mbale koma mphamvu yophikira imabwerera mkati.

Komabe fanizo la sefa limaperewera penapake. Msere ukakanidwa umakhala pamwamba. Funde lokanidwa limalowako pang'ono, kenako n'kumafooka msangamsanga. Likakhala lalitali kwambiri kuposa malire, mphamvu yake imatsika kuposa ka 500 likangolowa mtunda wofanana ndi m'lifupi mwa paipiyo. Ndiye injiniya akafuna kutsekereza kwambiri, amangotalikitsa paipi. Ndinawauzanso amayi kuti chitseko chikadzapindika kapena sefa yake kung'ambika, asadzayatsenso.

Anandiyang'ana nthawi ndithu, n'kunena kuti, "Bwanji osanena choncho dzulo?" Madzulo ake anatenthetsamo nyemba, ataima patali pang'ono.

Maganizo anga ndi awa: ophunzira za uinjiniya tizipatsidwa funso limodzi loyankha m'chilankhulo cha kwathu, lopanda fomula. Ena adzati sayansi ilibe mawu a Chichewa. Inenso sindinapeze mawu a cutoff, koma sefa inalipo pakhonde. Amene amatilipirira fizi ndi anthu ngati amayi anga, ndipo mphekesera zikawafika ife tili chete, amakhulupirira mphekeserazo. Ine digiri ndikuyifuna, koma manyazi a tsiku lija sindikufuna kudzawamvanso.