Uthenga Unawalambalala Mayi Ogulitsa Usipa

Chaka chilichonse m'mwezi wa Okutobala wailesi zimalengeza za khansa ya m'mawere. Ife tinkayesa kuti uthengawo unafika paliponse, kufikira pamene mtsikana wina wa kumadrasa kwathu anajomba masabata atatu. Titapita kwawo ku Bangwe tinamupeza akudwazika mayi ake, ochokera ku Mangochi, amene ankagulitsa usipa mumsika wa Limbe. Chotupa anachiona kalekale, koma poti sichinkapweteka anangoti chitha chokha. Pomwe amafika kuchipatala cha Gulupu n'kuti matenda atafalikira.

Tinawafunsa kuti, "Mayi, kodi za kukayezetsa simunamvepo?" Iwo anati, "Ndinamva, a mwalimu, koma ndinkayesa n'za amayi a m'maofesi. Nanga ndikachoka pabenchi tsiku lonse, ana adya chiyani?"

Yankho limeneli linatichititsa manyazi. Chikwangwani cha m'Chingerezi sichilankhula kwa mayi amene sukulu anailekera panjira, amenenso za mumtima mwake amazinena m'Chiyao. Iye akuganiza za ndalama ya minibasi, manyazi ovula pamaso pa mwamuna wachilendo, ndi mantha akuti bere likachotsedwa banja litha. Tikapanda kuyankha zimenezi, ngakhale tifuule chotani, sadzapita.

Kuyambira pamenepo, amayi akabwera kudzatenga ana kumadrasa, kapena akasonkhana ku banki m'khonde, timapempha mayi mnzawo amene amamukhulupirira kuti acheze nawo m'chinenero chawo. Mawu ake ndi ochepa. Chotupa m'bere kapena m'khwapa, nsonga ya bere yolowa mkati kapena yotulutsa magazi, khungu lokhakhala ngati khoko la lalanje: zonsezi n'zofunika kukaonetsa, ngakhale zisakupweteka. Zotupa zambiri si khansa, ndipo khansa yopezeka msanga imachizika. Kuyeza koyamba namwino amangogwiritsa ntchito manja, ndipo m'zipatala za boma monga za Limbe, Bangwe, Ndirande ndi Zingwangwa salipiritsa. Mayi angathe kupempha kuti amuone namwino wamkazi. Ngati palibe, chipembedzo chathu sichiletsa kuonedwa ndi dokotala wamwamuna pofuna kupulumutsa moyo.

Taonanso kuti mayi amapita msanga ngati pali womuperekeza, wina n'kutsala akumugulitsira malonda.

Abambo, mbali yanu ndi yaikulu. Perekani ndalama yoyendera, ndipo auzeni akazi anu poyera kuti zivute zitani simudzawasiya. Inu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, yambirani pachipatala chimene muli nacho pafupi.

Mtsikana uja anabwerera kumadrasa, koma tsopano amene amadzamutenga ndi agogo ake. Allah awachitire chifundo mayi ake, ndipo ife atipatse nzeru zolankhulira ndi amayi otsalawa nthawi ikadalipo.